Nsengwa Imene Amayi Anaba kwa Asisitere

Amayi anga anaba kamodzi kokha pa moyo wawo wonse, ndipo chimene anabacho palibe akanachigula, ngakhale pamsika wa pa Chadiza pamene anthu amagula ndi misomali yopindika yomwe. Anaba nsengwa, chija chimatuluka pambuyo pa mwana mayi akachira. Anaiba masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo kwa zaka zisanu ankayenda mapewa m'mwamba ngati munthu amene wapulumutsa mudzi ku njala.

Zinali m'zaka za m'ma 1950, nkhani ya chitaganya cha mayiko atatu itangoyamba kutentha pabwalo pa amuna. Ine ndinali nditakwatiwa kumene kwathu ku Zingalume, ndipo anthu ankati ndatola chikwama chifukwa amuna anga anali aphunzitsi pa kasukulu ka Akatolika. Ankavala kabudula wa kaki ndi masokosi ofika m'mawondo, m'thumba la malaya muli zolembera ziwiri, chinacho chosalemba. Monga mkamwini aliyense, anamanga nyumba yawo kuseri kwa nyumba ya amayi. Iwo ankati abweretsa kuwala m'banja mwathu. Amayi ankati abweretsa njala, poti khasu ankaligwira ngati liwaluma.

Awiriwa sankatha kukangana maso ndi maso. Mwambo sulola mkamwini kuyang'anizana ndi apongozi ake, moti akakumana panjira wina ankapatukira kutchire mpaka mnzake adutse. Ulemu wotere ndi wokoma kuuonerera, koma mkangano sutha chifukwa cha ulemu, umangofuna wounyamula. Wounyamulayo ndinali ine, ndi mimba yanga ya miyezi isanu ndi itatu.

"Ukawauze apongozi kuti mkazi wa mphunzitsi sachirira pamphasa," amuna anga ankatero. "Ukachirira kwa asisitere."

Ndinkazungulira nyumba n'kukatula mawuwo.

"Ukawauze apongozi kuti iwowo anabadwira pamphasa," amayi ankayankha, "ndipo nzeru zovalira masokosizo anazitola pamphasa pomwepo."

Chimene amayi ankaopa si jakisoni kapena lumo la asisitere. Anali atamva kuti kuseri kwa kachipatala kaja kuli dzenje, ndipo nsengwa zonse amangoziponya m'menemo ngati makoko a maungu, ya uyu pamwamba pa ya uyo. Kwathu nsengwa sinkatayidwa. Inkakwiriridwa ndi munthu wako weniweni, mayi wako kapena mzamba wodalirika, pamalo pobisika, kuopa a mitima yoipa amene angaifukule n'kukumangira mimba. Pokwirirapo pankafunika maso, chifukwa mbali ya mchombo inkayenera kuyang'ana kumwamba. Ukaiika chafufumimba ndiye kuti watseka pakhomo, mayiyo sadzaimanso. Akazi ena otopa ndi uchembere ankapempha okha kuti yawo aitembenuze, koma zimenezo zinkanenedwa monong'ona, ndipo wochitira mnzake zotere asanapemphedwe ankatchedwa mfiti.

Ine panthawiyo ndinkakhulupirira onse awiri. Lamulungu ndinkakhulupirira amuna anga, masiku asanu ndi limodzi otsalawo ndinkakhulupirira amayi.

Anapambana ndi a masokosi. Amayi anangoti andiperekeza, ndipo m'dengu mwawo, pansi pa ufa ndi mfutso, anabisamo kamphika katsopano ndi phale lovundikirira.

Tinapita pa ngolo ya amalume, ulendo wa tsiku lathunthu. Kachipatalako kanali ka zipinda ziwiri, ndipo ndinachira tsiku lachitatu m'mawa, mwana wamkazi. Pa bedi linalo, nthawi yomweyo, panachiranso mayi wina wa ku Zemba, wamng'ono ngati ine, wa mpata pakati pa mano. Nayenso anali mwana wake woyamba. Analibe womuperekeza, amuna ake anangomutula pakhomo n'kubwerera kumunda. Tinkabuula molandizana ngati tikuimba nyimbo ya pamtondo, ndipo ana athu atalira tinayang'anana n'kuseka ngati tinadziwana kalekale.

Sisitere anali mmodzi, manja awiri, makanda awiri. Mabeseni awiri oyera okhala ndi nsengwa zathu anawatulutsira pakhonde kuti wantchito akawakhuthule kudzenje kuja akamaliza kusesa. Amayi anali pakhonde pomwepo, akuchita ngati akuwodzera. Msana wa sisitere utangolowa m'nyumba, anavundukula dengu.

Patapita kanthawi anabwera pa bedi langa n'kundinong'oneza.

"Yalowa."

"Chiyani, amayi?"

"Mumphika."

Ndinali wotopa, koma mutu unali ukugwirabe ntchito pang'ono. "Mabeseni anali awiri," ndinatero. "Mwaidziwa bwanji yanga?"

"Iwe, ndinakubereka ndine. Ndingalephere kudziwa magazi anga?"

Amati safunsa anadya phula. Ine ndinafunsa, koma phula ndinadyabe.

Amayi sanadikire kuti ndituluke. Ananyamuka pansi tsiku lomwelo, kamphika pamutu, mwezi wa Okutobala dzuwa likuphulitsa miyala. Ankasimba okha kuti ntchentche za midzi itatu zinawaperekeza, ndipo anthu ankawapatukira panjira osapemphedwa. Atafika analowa m'khitchini mwawo, anatseka chitseko, anakumba pangodya kuseri kwa mtsuko wa madzi. Anawazamo phulusa, anaikhazika bwino nsengwayo mchombo kumwamba, anavundikira phale, anakwirira, n'kuzirapo.

Kuchokera tsiku limenelo, pangodya paja panasanduka malo olemekezeka koposa m'mudzi monse. Nkhuku sinkaloledwa kuikirapo mazira. Madzi otentha sankatayikirapo. Mwezi uliwonse amayi ankakanda dothi lakuda la kudambo n'kuzirapo mpaka pochita kuwala. Ine mwana wawo wobala okha sindinazirirwepo chipinda kawirikawiri chotero.

Mwana wanga anakwawa, anayenda, anasiya bere, anayamba kutumika kukapala moto kwa anansi. Mimba yachiwiri osabwera. Ndinamwa mizu yowawa yamtundu uliwonse imene nthaka ya ku Zingalume imatulutsa. Amuna anga ankandipemphetsa kolona mpaka mawondo kuchita zikang'a. Alongo awo ankabwera kudzationa, ndipo moni ankapereka kwa mimba yanga asanapereke kwa ine.

"Mlamu, muli bwanji?" ankatero, maso ali pamchombo panga. Potsanzika ankayankhula mokweza kuseri kwa nkhokwe, mwina poganiza kuti nkhokwe ndi khoma la njerwa. "Mlongo wathu akulima pathanthwe."

Ndisaname, ndinkachita mantha. Mkamwini sachedwa kuchoka, amangopinda bulangete lake basi, nyumba n'kuisiyira mkazi ndi makoswe. Tchalitchi sichinkawalola amuna anga kutenga mkazi wachiwiri, koma sichinkaletsa mphunzitsi kusamukira kusukulu ina. Ndipo iwo anali atayamba kutchulatchula za sukulu ina yakutali imene ana ake ankavutika kwambiri chifukwa chosowa mphunzitsi. Chifundo chawo pa ana a kutaliwo chinkakula chaka ndi chaka. Ndinkadziwa kuti ndikapanda kuima, banja langa latha.

Amayi okha ndiwo analibe nkhawa. "Dekha, mwanawe," ankatero akuzira pangodya pawo paja. "Nsengwa yako ili chagada, ndinaiika ndi manja angawa. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Chaka chachisanu, titakolola, ine ndi amayi tinapita kukagulitsa mtedza pa Chadiza. Tili chikhalire ndinamva munthu akuitana, "Anzanga a ku Zingalume!" Nditatukula maso ndinaona mpata uja pakati pa mano. Anali mayi uja wa ku Zemba. Kumbuyo anabereka mwana, wina ankamukoka nsalu, woyamba uja anasenza kamtolo, ndipo mimba inali patsogolo ngati ikufuna kufika kunyumba eni ake asanafike.

Tinagwirana manja, tinaseka. Ndiye anafunsa, "Nanga inu muli nawo angati?"

Ndinatukula chala chimodzi.

Amayi sanapereke ndi moni womwe. Ndinawaona akuwerenga ana aja ndi maso, kuyambira wa kamtolo mpaka wa m'mimba, n'kubwerezanso ngati mwina mmodzi achokapo. Kenako anakhala pansi pakati pa mtedza, manja kumutu.

"Mayo ine! Zaka zonsezi ndakhala ndikuzirira mwana wa eni!"

Chinsinsi chimene anachisunga kuopa afiti anachikhuthula chonse pamsika, mokweza, kuyambira pa beseni mpaka pa phulusa. Ogulitsa fodya anamva, ogulitsa mphasa anamva, ndi mesenjala wa kuboma yemwe anaima kumvetsera. Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Mayi wa ku Zemba yekha sanaseke. Anangofunsa mwakachetechete kuti ku Zingalumeko mudzi wathu uli chakuti.

Panjira yobwerera ndinawalalatira amayi monga sindinachitirepo chibadwire. Ndinati yanga inagwera m'dzenje la asisitere chafufumimba, pamwamba pake n'kusanjikizapo za akazi a dziko lonse, pamene iwo ali kalikiliki kulondera mimba ya mlendo. Ndinati magazi awo aja amawadziwa bwino ndithu. Amayi anangoyenda patsogolo osacheuka. Titafika ndinawasimbira amuna anga. Anagwedeza mutu n'kunena kuti zonsezo ndi zachikunja, munthu wophunzira sangazimvere. Atamaliza kudya anatsokomola pang'ono.

"Komabe ukawafunse apongozi," anatero, "ngati pali njira yokafukulira yakoyo kudzenje kuja."

Panapita miyezi. Tsiku lina chakumasana, mvula isanayambe, tinamva odi pakhomo pa amayi. Anali mayi wa ku Zemba, atayenda pansi, khanda latsopano kumbuyo, nkhuku m'khwapa. Ndinachedwa kumuzindikira. Anali atatha ngati chitsononkho cha chimanga, milomo yoyera, ndipo pokhala pamphasa anachita kugwira kaye nsanamira. Tinamupatsa madzi. Anapereka nkhuku ija kwa amayi ndi manja awiri.

"Amayi, ndabwera kudzapempha," anatero. "Mukafukule nsengwa ija, muitembenuze."

Iye anapitiriza, maso ali pansi.

"Uyu ndinataya naye magazi masiku awiri. Asisitere anandiuza kuti ndikadzaimanso sindidzadzuka. Ndinawauza abambo a kunyumba, anaseka, ati ana ndiye chuma. Ndinamanga mkuzi wa mankhwala m'chiuno, anaudula ndi mpeni. Nsengwa za enawa anakwirira ndi apongozi anga, ndipo sanena pamene anaika. Imene ndikudziwa pamene ili ndi yanuyi yokha. Ndatopa, amayi. Ndikufuna ndiwalere anawa."

Amayi anandiyang'ana. Munthu uja wodziwa magazi ake anayamba kukanda pansi ndi chala.

"Mabeseni aja anali ofanana," anatero. "Mwanawe, nena ndiwe."

Ndinamva bwino chimene ankatanthauza. Ngati nsengwayo inali ya mlendoyu, kuitembenuza kunali kumupumitsa. Ngati inali yanga, kunali kudzitsekera ndekha pakhomo, ndipo amuna anga akanapinda bulangete lawo sabata yomweyo.

Apa m'pamene ndinadzidziwa kuti ndine munthu wotani. Kuyambira tsiku la pamsika lija ndinali nditalumbira kuti nsengwayo si yanga. Ndinalira nazo, ndinatukwana nazo amayi, ndinkadutsa pangodya paja mokwiya. Koma nditaona khasu litatsamira pakhomo la khitchini, mwadzidzidzi inasanduka yanga. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

"Iyayi," ndinatero. "Nanga ikakhala yanga?"

"Anzanga," iye anati, "inu muli ndi mmodzi, koma muli ndi moyo."

"Inu muli ndi anayi, ndipo muli ndi banja."

Ndikanalekera pomwepo zikanakhalako bwino. Koma pakamwa panga sipadziwa polekera. Ndinawonjeza kuti walira mvula walira matope, ngati kuti munthuyo mvulayo anachita kuilirira. Mawu amenewo amandichititsa manyazi mpaka lero.

Sanakwiye. Anangopempha kuti aone pamalopo. Amayi analowa naye m'khitchini n'kusuntha mtsuko. Iye anagwada, khanda likugona kumsana, n'kuika chikhato chake padothi losalala lija.

"Mumazira bwino, amayi," anatero.

Anakana kugona, anati ana enawo anawasiya okha. Nkhuku anaisiya. Tinaisunga masiku atatu, aliyense akuchita ngati sakuiona, ndipo tsiku lachinayi tinaidya. Amuna anga anadya chiganga n'kuyamikira kuti anthu a ku Zemba amadziwa kuweta. Atasamba m'manja anandituma kukafunsa apongozi ngati pangodya paja sipanakhudzidwe.

Mvula inabwera n'kupita. Ine osaima. Amayi anapitiriza kuzira, koma tsopano ankazira chamumtima, osaimba nyimbo.

Chaka chotsatira, nthawi yokolola, amuna anga analandira kalata imene ankailakalaka. Chifundo chawo chija chinali chitapsa. Anati atsogola kusukulu yatsopanoyo akakonze kaye nyumba, akatero adzatitenga ine ndi mwana. Anapinda bulangete, anamanga mabuku pa njinga, anatsanzika apongozi kudzera mwa ine monga mwa ulemu wawo. Nyumbayo iyenera kuti ndi yaikulu kwambiri, chifukwa mpaka lero akuikonzabe.

Patangopita milungu iwiri ndinapitanso pa Chadiza ndi mtedza. Pafupi nane panakhala amayi ena a ku Zemba, ndipo ndinawafunsa za mnzanga wa mpata pakati pa mano. Anayang'anana.

"Uja wa nkhani ya kamphika?" mmodzi anatero. "Tinaika mwezi watha. Anaimanso. Anathera pa ngolo, asanafike kwa asisitere, iye ndi mwana yemwe."

Mtedza sindikumbuka kuti ndinautani. Ndikukumbuka kuti ndinafika kumudzi tsiku lotsatira dzuwa lili pamutu, ndinatenga khasu lija, ndinalowa m'khitchini. Amayi ananditsatira n'kutseka chitseko. Anasuntha okha mtsuko.

Dothi linali lolimba ngati njerwa, poti linali la kuzira kwa zaka zambiri, lina pamwamba pa linzake. Ndinakumba mpaka khasu linagunda phale. Kamphika kanali kathunthu, kopanda ndi mng'alu womwe. Ndinakatulutsa, ndinachotsa phale, tonse awiri tinasuzumiramo.

Munali dothi lofiira, lodzaza mpaka m'khosi. Amayi anapisamo chala n'kulifikisa. Munalibe mchombo, munalibe chagada kapena chafufumimba, munalibe yanga kapena yake.

"Chiswe," amayi anatero.

"Chinalowa liti?"

"Kaya. Mwina mwezi woyamba womwe."

Ndinaseka. Ndinaseka moipa, mpaka kusekako kunasanduka kulira. Chimene ndinachiteteza ngati moyo wanga, chimene ndinabwezera nacho munthu wodwala kuti ayende pansi mpaka ku Zemba, chinali nyumba ya chiswe. Ndikudziwa zimene a masokosi akananena akanakhalapo, ndipo ndikudziwa kuti kutembenuza kamphika sikukanagwira dzanja la mwamuna wodula mkuzi ndi mpeni. Sindine wopusa chotero. Koma munthu uja anabwera kudzapempha chinthu chimodzi chokha pa dziko lonse, ndipo akanabwerera kwawo mtima uli m'malo, akudziwa kuti alipo anthu ena amene anamva kuti watopa. Ine ndinamumana dothi. Nkhuku yake n'kudya.

Mwana wina sindinabereke. Mmodzi yemwe uja ndiye wandisunga mpaka ukalamba uno, ndipo iyeyo ana ake onse anachirira kuchipatala, osafunsa ndi komwe kuli dzenje.

Tsiku lija ndinkafuna kukaswa kamphikako kudzala. Amayi anandilanda. Anakapukuta ndi nsalu yawo, anakatembenuza pakamwa kuyang'ana pansi, anakabwezera m'dzenje mosamala ngati akugoneka khanda.

"Pumani tsopano, amake ana," anatero.

Anakwirira ndi manja. Kenako anatunga madzi mumtsuko, anakanda dothi, n'kuzirapo bwinobwino monga ankachitira mwezi uliwonse.